Northstowe: mmene migwirizano ya khonsolo ndi omanga yayendera kuyambira 2003

Northstowe ndi tauni yatsopano imene ikumangidwa makilomita pafupifupi 8 kumpoto chakumadzulo kwa Cambridge ku England, pakati pa midzi ya Longstanton ndi Oakington. Pulani yake ndi ya nyumba 10,000. Malowa kale anali bwalo la ndege zankhondo la RAF Oakington, kenaka malo a asilikali, ndipo mbali ina inali bwalo la gofu ndi minda. Makhonsolo okhudzidwa ndi awiri. South Cambridgeshire District Council ndiyo imapereka chilolezo chomanga, pamene Cambridgeshire County Council imaona za sukulu ndi misewu. Apa tikulondola gawo ndi gawo zimene makhonsolowa anapangana ndi omanga, ndalama zake, pamene panavuta ndi mmene anakonzera.

2003 mpaka 2007: kusankha malo

Pulani yaikulu ya Cambridgeshire ndi Peterborough ya 2003 ndiyo inaloza malowa. Mu Julayi 2007 khonsolo ya South Cambridgeshire inakhazikitsa pulani yapadera ya tauniyi, Northstowe Area Action Plan. Eni malo akuluakulu anali awiri: kampani ya Gallagher Estates, ndi bungwe la boma la English Partnerships, limene mu 2008 linalowa mu Homes and Communities Agency, ndipo kuyambira 2018 limatchedwa Homes England. Kumapeto kwa 2007 awiriwa anapereka limodzi pempho la tauni yonse, nyumba 9,500.

Awiriwa ntchito yawo yaikulu si kumanga nyumba zogonamo. Iwo amatenga chilolezo chachikulu, kusalaza malo, kuika misewu ikuluikulu, ngalande ndi mapaipi, kenaka kugulitsa zigawo kwa makampani omanga nyumba. Mgwirizano ndi khonsolo amasaina ndi iwowa, pamene munthu wogula nyumba amakumana ndi kampani ina ija. Madandaulo ambiri a m'tsogolomu amasochera pompa, chifukwa wogula amakagogoda pakhomo la amene anamugulitsa nyumba, koma ndime imene yaphwanyidwa ili m'pepala limene kampaniyo sinalembe.

2008 mpaka 2011: ntchito inaima

Mavuto azachuma a 2008 anagwetsa msika wa nyumba. Mu Okutobala 2010 boma linathetsanso ntchito yokuza msewu wa A14, umene unali wodzadza kale ndi malole ochokera kudoko la Felixstowe. Popanda A14 yatsopano, nyumba 9,500 zikanathira magalimoto pamsewu umene sunkayenda kale m'mawa ndi madzulo. Pempho la 2007 linangogona m'mafayelo.

Chimene chinatheka m'zakazi ndi msewu wa mabasi okhaokha wa konkire, womangidwa m'njira ya njanji yakale ya pakati pa Cambridge ndi St Ives. Unatsegulidwa pa 7 Ogasiti 2011, mochedwa ndi zaka ziwiri. Umadutsa m'mphepete mwa Northstowe, ndipo ku Longstanton kuli siteshoni ndi malo oimika magalimoto.

Njira imene makhonsolo ndi eni malo anapeza yoyambira kumanga tauniyo inali yodula ntchito m'magawo. Gawo loyamba analiika pa nyumba 1,500, chiwerengero chimene misewu yomwe inalipo ikanatha kunyamula atangokonzako pang'ono msewu wa B1050. Kudula kotere kumatsegula ntchito, koma kuli ndi mtengo wake. Pakati pa tauni, pamene padzakhale masitolo akuluakulu ndi chipatala, panagwera m'gawo lachiwiri. Anthu a gawo loyamba anali oti adzalowa m'tauni imene likulu lake lili m'pepala lina, la mwini malo wina.

Febuluwale 2012 mpaka Epulo 2014: mgwirizano woyamba

Gallagher inapereka pempho la gawo loyamba mu Febuluwale 2012. Komiti ya makhansala a makhonsolo awiriwa inavomereza mu Okutobala chaka chomwecho. Chilolezo chenicheni chinatuluka mu Epulo 2014. Chaka ndi theka chapakatipo chinathera pa kulemba mgwirizano, chifukwa ku England komiti ikavomereza pempho lalikulu, chilolezo sichituluka mpaka mgwirizano wa Section 106 utasainidwa.

Dzinali likuchokera pa ndime 106 ya lamulo la Town and Country Planning Act la 1990. Mgwirizanowu umamangidwa pa malo enieniwo, moti mwini malo akagulitsa, wogulayo amatenga ndi udindo womwe. Umalembedwanso m'kaundula wa khonsolo, kuti loya wa wogula aliyense aupeze. Banki imene inabwereketsa ndalama pa chikole cha malowo nayonso imasaina, apo ayi ikadzalanda malo ikhoza kunena kuti pangano silikuikhudza. Kuyambira 2010, chilichonse chimene khonsolo ikufuna kuikamo chiyenera kudutsa mayeso atatu a m'malamulo: chikhale chofunikira kuti ntchitoyo ivomerezeke, chikhale chokhudzana ndi ntchitoyo mwachindunji, ndipo kukula kwake kufanane ndi kukula kwa ntchitoyo. Khonsolo singauze omanga kuti akonze denga la laibulale ya kutali chabe chifukwa likudontha.

Chimene chinatalikitsa zokambirana ndi masamu a phindu. Kawerengedwe kake ndi aka. Mumatenga ndalama zonse zimene nyumba zidzagulitsidwe. Mumachotsapo mtengo womanga, wa misewu ndi ngalande, chiwongoladzanja cha ngongole, malipiro a akatswiri, ndi phindu la kampani, limene malangizo a boma amaliika pa 15 mpaka 20 peresenti ya ndalama zogulitsazo. Zotsala ndizo zimalimbirana mwini malo ndi khonsolo. Kampani ikaonetsa kuti zotsalazo n'zochepa, khonsolo imayenera kusankha chimene itaye.

Ku Northstowe zinatha motere. Ndalama za sukulu, mayendedwe, masewera ndi nyumba za anthu onse zinaikidwa pa mapaundi 30 miliyoni, kutanthauza mapaundi 20,000 pa nyumba iliyonse. Nyumba zotsika mtengo zinatsitsidwa kufika pa 20 peresenti, pamene mfundo ya khonsolo inali 40 peresenti. Pa nyumba 1,500, ndiye kuti 300 m'malo mwa 600. Kusankhaku n'komveka, poti sukulu singadikire, koma mabanja 300 amene akanapeza nyumba zotsika mtengo ndiwo analipira, ndipo sanali nawo patebulo.

Masamuwa anachitika nthawi imene msika unali pansi. Nyumba zinayamba kugulitsidwa patapita zaka zitatu, mitengo ya ku Cambridge itakwera. Mankhwala a vuto ili ndi ndime yolamula kuwerenganso masamu ntchito ikafika pakati, kuti phindu likaposa limene ananena, gawo lina libwerere ku nyumba zotsika mtengo. Khonsolo iliyonse imene ikusaina mgwirizano wa zaka khumi kapena kuposa isalole kutsitsa chiwerengero popanda ndimeyi. Boma nalo linasintha malangizo mu 2018. Masamu a phindu tsopano amayenera kuikidwa poyera, ndipo kampani singadzikhululukire ponena kuti malo inagula modula.

Mtima wa mgwirizano uli m'ndime zonena nthawi. Sizitchula tsiku la pakalendala. Zimati ndalama yakuti iperekedwe, kapena chinthu chakuti chimalizidwe, nyumba ya nambala yakuti isanalowedwe. Kampani imakonda choncho chifukwa imalipira ikagulitsa. Khonsolo imavomera chifukwa kufunika kwa sukulu kumadza ndi anthu. Mavuto ake ndi atatu. Loyamba, nyumba zikamagulidwa pang'onopang'ono, anthu oyamba kulowa amatha zaka akudikira nambala imene sikufika. Lachiwiri, pamalo pakakhala makampani omanga asanu, pamafunika munthu wa khonsolo wowerenga nyumba zolowedwa mwezi ndi mwezi, apo ayi nambala imadutsa palibe wazindikira. Lachitatu ndi mawu. "Ndalama iperekedwe" ndi "nyumba itsegulidwe" ndi zinthu zosiyana kutali, chifukwa ndalama ikhoza kufika pa nthawi yake ndipo khoma n'kudzaima patapita zaka zinayi. Ndime yolimba imakhala ndi mano, imaletsa kampani kulowetsa anthu m'nyumba zina kufikira chinthucho chitatha, ndipo imawonjezapo tsiku la pakalendala loti chikhale chitatha ngakhale nambala isanafike.

2015 ndi 2016: madzi apansi ndi apamwamba

Dera ili ndi lathyathyathya, m'mphepete mwa madambo a Fens, ndipo Longstanton ndi Oakington ndi midzi imene inkasefukira kale. Mfundo ya chilolezo chotere imakhala yoti madzi amvula ochoka pamalo atamangidwa asathamange kuposa mmene ankachokera pali udzu. Choncho ntchito yoyamba inali yokumba. Anakumba nyanja zosungira madzi m'mbali mwa msewu wa mabasi uja, ndi maiwe ena ku Hatton's Road, kumtunda kwa Longstanton, oti azigwira madzi a kamtsinje asanalowe m'mudzi. Dothi lochoka m'maenjemo linakweza malo omangapo nyumba, njira yochepetsa malole onyamula dothi.

Madzi a m'zimbudzi amapita kumalo oyeretsera a kampani ya madzi ya Anglian Water ku Uttons Drove, pafupi ndi Bar Hill. Akayeretsedwa amatsikira m'ngalande za ku Swavesey kupita mumtsinje wa Great Ouse. Mtsinjewo ukadzaza, zitseko za madzi zimatsekedwa, ndiye madzi owonjezera a tauni yatsopano akanaunjikana m'minda ya alimi. Panafunika makina opopa ku Webbs Hole Sluice. Apa pali chinthu chimene ambiri amaiwala polemba mndandanda wa ndalama: malire a ntchito pamapu si malire a madzi, ndipo bungwe la ngalande za alimi a kumunsi liyenera kukhala m'zokambirana kuyambira tsiku loyamba.

Vuto limene silinayembekezeredwe linatulukira pansi. Nthaka ya kuno ndi mchenga ndi timiyala pamwamba pa dongo, ndipo madzi amakhala m'mchengamo, pafupi kwambiri ndi pamwamba. Kuti aike mapaipi akuya, makontrakitala amapopa madzi kuti ngalande ziume. Anthu a ku Longstanton anayamba kuona maiwe awo akuphwa, makamaka Kingfisher Pond. Mkangano unatenga zaka, ndipo kafukufuku amene anachitika pambuyo pake, lipoti lake la 2021, analoza kupopa kwa nthawi yomanga ngati chimodzi mwa zifukwa. Mkangano wotere umatalika chifukwa palibe amakhala ndi manambala odalirika a poyambira. Njira yake ndi yotchipa poyerekeza ndi milandu: kuboola zitsime zoyezera mozungulira malo, kuyeza kuya kwa madzi mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu khasu lisanalowe, ndi kulemba m'chilolezo mulingo umene madzi akatsika kufikapo, kupopa kuime. M'ngalande za mapaipi muziikidwanso zotchinga za dongo motalikirana, chifukwa timiyala toyala pansi pa paipi timasanduka njira yokhetsa madzi a m'nthaka mpaka kalekale.

Januwale 2017: mgwirizano wachiwiri

Gawo lachiwiri ndi la Homes and Communities Agency, nyumba 3,500 pa malo a asilikali aja, pamodzi ndi pakati pa tauni ndi sekondale. Komiti inavomereza mu 2015, chilolezo chinatuluka mu Januwale 2017. Ndalama za mgwirizano zinaposa mapaundi 70 miliyoni. Chimene chinamasula gawoli ndi A14. Boma linaukitsa ntchitoyo, linasiya ganizo lolipiritsa madalaivala mu Disembala 2013, ndipo kumanga kunayamba kumapeto kwa 2016. Msewuwo, wa mapaundi 1.5 biliyoni, unatha mu Meyi 2020. Ndalama zotere palibe Section 106 imene ikanazikwanitsa. Chimene chilolezo chinachita n'kumangirira nyumba za gawoli ku A14 ndi ku msewu watsopano wakumwera wolumikiza tauni ku B1050 chaku Bar Hill.

Malo a asilikali ali ndi zodula zake. Pamafunika kufufuza mabomba akale amene sanaphulike, kuchotsa nthaka yoipitsidwa ndi mafuta, ndi kugumula konkire wakale, amene akaphwanyidwa amagwira ntchito pansi pa misewu. Akatswiri a zakale nawonso anakumba kwa nthawi yaitali ndipo anapeza midzi ya nthawi ya Aroma. Zonsezi zimalowa m'masamu a phindu khonsolo isanapeze kanthu.

Pa nyumba zotsika mtengo, pepala linkaoneka bwino: 50 peresenti. Koma 10 peresenti yokha ndiyo inali ya lendi yotsika. 40 peresenti inali ya Starter Homes, ndondomeko ya boma ya m'lamulo la 2016 yogulitsa nyumba motsitsa 20 peresenti kwa ogula koyamba osafika zaka 40. Malamulo ang'onoang'ono oyendetsera ndondomekoyi sanatuluke, ndipo mu Novembala 2019 ofesi yofufuza za chuma cha boma, National Audit Office, inanena kuti m'dziko lonse simunamangidwe ngakhale imodzi. Mgwirizano ukatsamira pa dzina la ndondomeko ya boma, ndondomekoyo ikafa pamafunika pepala lina losintha mgwirizano, ndi maloya a mbali zonse. Lamulo limalola kusintha nthawi iliyonse ngati onse agwirizana, ndipo pakatha zaka zisanu kampani ikhoza kupempha kusintha ngakhale khonsolo isakufuna. Polemba, ndi bwino kufotokoza nyumbayo mwatsatanetsatane m'mgwirizano momwemo: kutsitsa kwake ndi kungati, woyenera kugula ndani, kutsitsako kudzakhala zaka zingati, ndipo ngati ndondomeko yatha chilowe m'malo n'chiyani.

2017 mpaka 2019: anthu alowa, sukulu zayenda bwino

Anthu oyamba analowa mu Meyi 2017, m'nyumba za Bloor Homes. Chaka chomwecho bungwe la nyumba la L&Q linagula Gallagher Estates, ndipo mgwirizano unapitirira monga unalili, poti umatsata malo.

Sukulu ndizo zinakhoza. Pulayimale ya Pathfinder inatsegulidwa mu Seputembala 2017, ndipo nyumba yake inali itatha kale anthu asanalowe. Northstowe Secondary College inayamba mu Seputembala 2019. Chifukwa chake si chachilendo. Khonsolo ya County ili ndi udindo wa lamulo wopezera mwana aliyense malo kusukulu, ili ndi anthu odziwa kumangitsa sukulu, ndipo makhonsolo otere amatha kumanga ndi ndalama zobwereka n'kumabweza ndalama za omanga zikamalowa. Pali mwini chinthu mmodzi, wodziwika, amene akachedwa lamulo limamugwira. Mapiko a pulayimale amene analibe ana anabwerekedwa ngati malo okumanirapo anthu, njira yabwino ya kanthawi.

2017 mpaka 2021: misewu yosalandiridwa

Misewu ya m'kati ili ndi mgwirizano wake, Section 38 ya Highways Act ya 1980. Kampani imamanga msewu motsata mulingo wa County, imaika chikole ku banki kapena ku inshuwaransi chokwanira kumalizira ntchito itathawa, ndipo msewu ukatha pamakhala nthawi yoyesera, kawirikawiri miyezi 12, khonsolo isanaulandire. Ntchito za pamsewu umene ulipo kale, monga kuika mphambano pa B1050, zimayendera Section 278. Mapaipi a zimbudzi amalandiridwa ndi kampani ya madzi kudzera mu Section 104 ya Water Industry Act ya 1991.

Zimene munthu amaona pamalo otere n'zofanana kulikonse. Phula la pamwamba, lochindikala mamilimita pafupifupi 40, amalisiya mpaka malole omanga atasiya kudutsa. Zivundikiro zachitsulo za m'maenje zimakhala zitatumphuka pamwamba pa msewu, atazizunguliza ndi kaphula kotsetsereka, ndipo mvula ikagwa madzi amaima m'mbali chifukwa pakamwa pa ngalande pali pamwamba kuposa msewu. Pa tauni ya zaka makumi awiri, msewu waukulu ukhoza kukhala chonchi nthawi yaitali. Kulandira kumayendanso motsatana ngati unyolo: khonsolo silandira kamsewu kamene sikalumikizana ndi msewu wolandiridwa kale, ndipo kawirikawiri silandira msewu umene mapaipi ake apansi kampani ya madzi sinavomere. Paipi imodzi imene kamera yapeza kuti yakhota ikhoza kuimitsa misewu khumi. Msewu usanalandiridwe, kukonza maenje, nyali ndi kuthira mchere nthawi yachisanu ndi udindo wa kampani. Chothandiza ndi msewu wapadera wa malole omanga, ndi ndime yoti chigawo chilichonse chithiridwe phula lomaliza pasanathe miyezi yakuti nyumba yake yomaliza italowedwa.

Mapaki, malo osewerera ana ndi maiwe ndi nkhani ina. Makhonsolo ambiri salandiranso zinthu izi chifukwa alibe ndalama zozisamalira, ndiye zimapita ku kampani yosamalira malo, ndipo mwini nyumba aliyense amalipira chaka ndi chaka pamwamba pa msonkho wa khonsolo. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linapeza mu 2024 kuti 80 peresenti ya nyumba zatsopano zimene makampani 11 akuluakulu anagulitsa mu 2021 ndi 2022 zinali ndi malipiro otere. Amene mukugula nyumba yatsopano ku England, muuzeni loya wanu akuonetseni mapepala a Section 38 ndi Section 104 ndi chikole chake, ndiponso ndime ya malipiro a pachaka, musanasaine.

Ku Malawi malamulo a mapulani anachokera kumtundu womwewu, kuyambira Town and Country Planning Act ya 1988 mpaka Physical Planning Act ya 2016, ndipo amene anagulapo puloti m'mphepete mwa mzinda atalonjezedwa msewu ndi madzi akudziwa kufunika kwa chikole. Wogulitsa akamaliza mapuloti onse asanaike kalavati ngakhale imodzi, palibenso chomugwirira.

2021 ndi 2022: holo yasowa, kampani yagwa

Mu 2021 Northstowe inapeza khonsolo yake yaing'ono ya tauni. Chaka chomwecho South Cambridgeshire inagula malo a masitolo ang'onoang'ono ndi a mabizinesi a gawo loyamba, atakhala opanda kanthu kuyambira pachiyambi.

Mu Meyi 2022 kampani ya Urban Splash House, imene inkapanga nyumba mufakitale n'kudzazilumikiza pamalo, inagwa. Inali ndi chigawo choyamba cha gawo lachiwiri, Inholm, cha nyumba 406, ndipo inali itamanga zochepa chabe. Apa ndime za manambala zija zimaluma kawiri. Nyumba zaima, ndiye nambala yoyambitsa ndalama za pakati pa tauni nayonso yaima.

Chaka chomwecho pulayimale inafuna zipinda zake chifukwa ana anachuluka, ndipo malo okumanirapo aja anatsekedwa holo yeniyeni isanayambe n'komwe. Udindo womanga holo ndi nyumba ya pabwalo la masewera unathera m'manja mwa South Cambridgeshire, ndi ndalama zimene zinalembedwa m'migwirizano zaka zambiri m'mbuyo. Migwirizano yotere imakhala ndi ndime yokweza ndalama motsata mitengo ya zomangamanga, kawirikawiri muyezo wa BCIS. Koma muyezo umangokweza nambala imene munayambira. Ngati nambalayo inafinyidwa kuti ilowe m'mapaundi 30 miliyoni, popanda chojambula chenicheni cha nyumbayo, kukwezako sikutseka dzenje. Kuwonjezera apo, zitsulo, matabwa ndi simenti zinakwera kwambiri pambuyo pa Covid, ndipo malamulo a kasungidwe ka kutentha m'nyumba anakhwima. Mu Julayi 2022 khonsolo inavomereza kuika mapaundi oposa 12 miliyoni pa nyumba za anthu onse za ku Northstowe.

Pamenepa ndi pamene mgwirizano woyamba unafooka kwambiri, ndipo tikuona kuti vuto silinali kuchepa kwa ndalama kokha. Pali njira ziwiri zolembera chinthu ngati holo. Ina ndi yoti kampani imange yokha, kukula kwake mamita akuti, zipinda zakuti, mulingo wakuti, isanalowetse anthu m'nyumba ya nambala yakuti. Mitengo ikakwera, mutu umapweteka kampani. Ina ndi yoti kampani ipereke malo ndi ndalama yokhazikika, khonsolo imange. Mitengo ikakwera, amalipira ndi anthu a msonkho. Khonsolo ikasankha njira yachiwiriyi, ijambulitse nyumbayo ndi kuwerengetsa mtengo wake isanasaine, ndipo ndalama yoyamba, ya mapulani ndi chilolezo, ibwere msanga kuti tsiku la ndalama yaikulu kontrakitala akhale atapezeka kale.

2023 ndi 2024: zokonza za kanthawi

Pofika pakati pa 2023, nyumba zoposa 1,000 zinali ndi anthu, koma munalibe sitolo, malo omwera tiyi kapena chipatala cha dokotala, ngakhale kuti mu 2016 NHS England, bungwe la boma la zaumoyo, inasankha Northstowe kukhala m'gulu la matauni khumi achitsanzo pa zaumoyo. Khonsolo inaika holo ya kanthawi ya zigawo zolumikiza, The Cabin, mu 2023, kenaka nyumba ya pabwalo la masewera inatsegulidwa.

Sitolo ndi chipatala zimavuta mwa njira ina. Section 106 ikhoza kusunga malo, kufikitsapo msewu, magetsi ndi madzi, ndi kulamula kuti malowo atsatsidwe kwa nthawi yakuti. Singakakamize wamalonda kutsegula pamene makasitomala sanakwane, makamaka pamene Tesco yaikulu ili pafupi ku Bar Hill. Chipatala nacho, ndalama za mgwirizano zimamanga makoma, koma malipiro a madokotala amachokera ku NHS motsata anthu olembetsa. Chimene chimagwira ntchito pa malo ena ndi kulemba kuti kampani imange kanyumba kamodzi kapena tiwiri koyambirira, kokhala ndi lendi yotsika kwa zaka zoyamba, ndi chipinda chimodzi m'holo chokhala ndi sinki ndi khomo lakelake choti namwino azigwiriramo ntchito masiku ena pa sabata.

Gawo lachitatu, kuyambira 2022

Magawo 3A ndi 3B, nyumba 4,000 ndi 1,000, anavomerezedwa kumayambiriro kwa 2022, ndipo nyumba zotsika mtengo zinabwerera pa 40 peresenti. Kulondola ndalama nakonso kwapepukirako. Lamulo loletsa kusonkhanitsa ndalama za migwirizano yoposa isanu pa chinthu chimodzi, limene linavutitsa makhonsolo kuyambira Epulo 2015, linachotsedwa mu Seputembala 2019. Kuyambira Disembala 2020 khonsolo iliyonse imatulutsa chikalata cha pachaka choonetsa ndalama za Section 106 zimene yalandira, zimene yagwiritsa ntchito ndi zimene zikungokhala. Chikalatachi muzichiwerenga pamodzi ndi ndime ya kubweza, chifukwa migwirizano yambiri imati ndalama zimene sizinagwire ntchito pakatha zaka zisanu kapena khumi zibwerere kwa kampani.

Chopinga chatsopano m'dera lonse la Cambridge ndi madzi akumwa. Cambridge Water imapopa madzi ake m'miyala ya choko ya pansi pa nthaka, ndipo timitsinje todalira miyalayo tikuphwa. Mu 2023 Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, inatsutsa mapempho akuluakulu angapo a nyumba m'derali pa chifukwa ichi. Northstowe inali ndi zilolezo zake kale, koma nyumba zake zikumwa pa chitsime chomwecho. Chimene chilolezo chingalamule ndi mulingo wa malita 110 pa munthu pa tsiku, kudzera m'mipope, mashawa ndi matanki a zimbudzi osawononga madzi. Madzi owonjezera akuyembekezeka kuchokera ku paipi ya ku damu la Grafham Water ndi damu latsopano la Fens Reservoir pafupi ndi Chatteris, limene Anglian Water ndi Cambridge Water akukonza, ndipo zonse ziwirizi ndi za m'zaka za m'ma 2030.